Dzina la Achimwene Pamwamba pa Kalata

Pali chinthu chimodzi chimene Farida sanauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi ake omubereka. Kwa miyezi isanu, makalata onse amene Sulemani ankalandira kuchokera kwa Atumani ankalemba ndi iyeyo.

Atumani anali mchimwene wake. Tsiku limene ankakwera basi ya ku Joni anamusiyira foni yake yakale, yosweka pakona, n'kumuuza kuti, "Uzindiimbirako, iwe Chete." Dzina loti Chete anamupatsa ndi anzake a kusekondale, chifukwa zaka zinayi zonse Farida sanakwezepo dzanja m'kalasi. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mayeso a Fomu 4 anali atakhoza, ndipo ankangokhala pakhomo kwa Mponda kudikira makoleji amene sankayankha.

Mufonimo Atumani anasiya imelo yake ili chitsegulire. Farida anawonjezeramo yakeyake yofunsira malo a sukulu. Choncho akati alembe kalata, pamwamba pake pankaoneka kamzere kosonyeza mwini kalatayo, ndipo kumapeto kwa kamzereko kunali kamuvi kakang'ono koloza pansi. Akakadina, pankatuluka mayina awiri: la Atumani pamwamba, la Farida m'munsi. Chala chinkangosankha kuti lero akhala ndani.

* * *

Kalata yoyamba inafika mu Epulo, masana ena mayi ake atapita kumaliro. Ataona dzina la Sulemani, Farida anakhala pansi pomwepo pakhonde.

Sulemani anali mnzake wa Atumani wa ku Lungwena. Kwa zaka zitatu ankabwera pa njinga Loweruka lililonse, ndipo m'zaka zitatuzo mawu amene Farida anamulankhula anali owerengeka: "Alipo." "Achokapo." "Madzi awa." Akatero ankathawira kuseri kwa nyumba n'kumamvetsera kuseka kwake kudzera mumpanda wa bango.

"Amwene Atumani," inatero kalatayo, "sindikudziwa ngati imelo ino ukuitsegulabe. Foni anandisolola mu minibasi, nambala yako ya ku Joni inapita nayo limodzi. Ndili ku koleji ya aphunzitsi kumapiri kuno, kozizira ngati mufiriji ya nsomba. Kompyuta ya mulaibulale amatilola Lachiwiri ndi Lachinayi basi. M'chipinda mwathu Msilamu ndili ndekha. Ndikamaswali anzanga amazimitsa wailesi mwaulemu ndithu, koma woti ndiseke naye m'Chiyao palibe. Undiyankheko, ngakhale mawu awiri."

Farida anadziwa chochita. Anayenera kulemba kuti foniyi anaisiya, nambala yawo ndi iyi, ndine Farida. Anadina poyankhira, ndipo foni inadziikira yokha dzina la Atumani pamwamba, poti kalatayo inalembedwa kwa iyeyo. Anadina kamuvi kaja. Dzina lake linali pomwepo, m'munsi, likumudikira. Chala chinaima m'malere. Akaganiza chiyani munthuyu? Mtsikana amene sanamuyang'anepo m'maso, lero akulemba makalata? Nkhope inamutentha ngati wayandikira mbaula.

Anasiya dzina la pamwamba lija.

"Limba mtima amwene. Kuzizira sikupha. Uzindilembera."

Kalata inapita. Anadziuza kuti ndi kamodzi kokha.

* * *

Sikunakhale kamodzi kokha. Lachiwiri ndi Lachinayi anasanduka masiku okhawo amene anali ndi dzina pa sabata. Anzake onse anali atabalalika: Alima anakwatiwa ku Makanjira, Shamima anapita ku koleji ndipo mauthenga ankangowaona osayankha. Nthawi ya masana ikakwana, Farida ankapita kukaima pafupi ndi mtengo wa bwemba kuseri kwa bafa, pamene netiweki inkagwira bwino, n'kumatsitsa chala pagalasi kuti foni ifufuzenso.

Za ku Joni ankazitola m'mauthenga a mawu amene Atumani ankatumizira mayi awo: shopu imene ankagwiramo, mphepo ya m'mawa, anyamata asanu m'chipinda chimodzi. Koma pang'ono ndi pang'ono Atumani wa m'makalata anayamba kusiyana ndi Atumani weniweni. Ankafunsa ngati chifuwa chija chatha. Ankakumbukira tsiku la mayeso. Sulemani atalemba kuti ana a sukulu anamuseka katchulidwe kake ka Chiyao tsiku loyamba kuima kutsogolo kwa kalasi, moti anakalira kuseri kwa chimbudzi ngati mwana, Atumani wa m'makalata sanamunyoze. Anangoti, "Ine ndikudziwa mmene zimakhalira mawu akakukanira pakhosi anthu onse akukuyang'ana."

"Joni yakusintha amwene," anayankha Sulemani. "Kale sunkatha kulemba mizere itatu osatukwana. Lero ukundifunsa ngati ndadya? Zimenezi sindinauze munthu wina. Zikhale pakati pa amuna awirife."

Farida anawerenga mzere womalizawo kangapo, n'kuika foni chafufumimba pamuzu wa bwemba.

* * *

Msuweni wake Zena anabwera Lolemba lina atavala mpango watsopano wonyezimira, manja atajambula hina. Anapeza Farida akusenda nandolo pakhonde ndipo anakhala pampando osathandiza.

"Wamva? Aphunzitsi athu akubwera mwezi wamawa."

"Aphunzitsi ati?"

"Sulemani, nanga pali ena? Ndinakumana ndi mlongo wake kumsika. Akuti wanenepa, wayera, akuyankhula Chingelezi ngakhale ndi nkhuku." Zena anaseka n'kutambasula zala kuti hina aoneke. "Ameneyo ndi wanga, ndikukuuziratu. Ankati akabwera kuno maso ake onse pa ine. Umaona ngati ankabwerera mpira wa Atumani?"

Farida anatola nandolo imene inagwa pansi.

"Iwe sungazimve izi," anapitiriza Zena. "Iwe unakwatiwa kale ndi foni yoswekayo. Ndowa yake, ukwati wanuwo, tidzavina liti?"

Mayi a Farida, amene anthu ankawatchula kuti Abiti Swadiki, anatuluka ndi lichero m'manja.

"Zena, pakamwa pako sipapuma? Mwana wa asodzi wa ku Lungwena ndiye mukumuimbira nyimbo? Choko chimenecho chidzakudyetsani?" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wangayu za iye adzanena ndi Atumani. Chimwalirireni amalume awo, mwini mbumba ndi iyeyo, kaya ali ku Joni kaya ali kumwezi. Iye akati inde, ine ndilibe mawu. Akati ayi, ngakhale abwere ndi galimoto."

Farida anapitiriza kusenda. Mthumba la diresi lake foni inali phee, koma ankaimva kulemera.

* * *

Mawa lake, Lachiwiri, kalata inali yaifupi.

"Amwene, pali nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. M'mbumba mwako muli mtsikana amene sandigonetsa tulo. Ndikuopa kumutchula, ungandidule."

Farida anatsamira bwemba. M'maganizo mwake anaona manja a hina aja, mpango wonyezimira uja. Analemba mawu awiri okha, dzina la Atumani lili pamwamba: "Ndi Zena?"

Kuchokera Lachiwiri kufika Lachinayi ndi masiku awiri basi, koma iye anawamva ngati Ramadani yathunthu. Chakudya ankangochigwiragwira. Mayi ake anamugwira pachipumi n'kufunsa ngati ndi malungo.

Lachinayi yankho linabwera.

"Zena? Amene amalankhula ngati wailesi yothyoka batani uja? Ayi amwene. Ndikunena Farida. Tsiku lina iwe utachokapo, tcheni cha njinga chinandicheka chala pakhomo panu. Anatuluka ndi madzi ndi kansalu kobiriwira, anandimanga, osanena kanthu, n'kubwerera m'nyumba. Kansaluko ndili nako mpaka lero m'sutikesi. Sindikudziwa ngati amandiona n'komwe. Koma iwe ndiwe mwini mbumba, ndipo sindingazembe kuseri kwako. Ukakana ndisiya, sindidzamuyang'ananso. Ukalola, ndituma amalume."

Farida anakhala pansi pafumbi. Anaseka, kenako anaona kuti akulira. Panalibe woti amuuze. Nkhuku yokha ndiyo inkapalasa pafupi ndi bafa.

Anadina kamuvi, ndipo ulendo uno anasankha dzina la m'munsi. Analemba zonse: za foni yosiyidwa, za kalata yoyamba, za bwemba. Atamaliza anawerenga kuyambira pamwamba, ndipo m'maganizo mwake anamuona Sulemani ali mulaibulale, anzake ali pamzere kumbuyo kwake kudikira kompyuta, iye akuzindikira kuti misozi yake ya kuseri kwa chimbudzi anaiulula kwa mtsikana. Pakati pa amuna awirife. Adzadzimva wopusitsidwa. Sadzalembanso, kwa Atumani kapena kwa Farida, ndipo Lachiwiri lidzangokhala tsiku wamba.

Anafufuta zonse. Anadinanso kamuvi n'kubwerera ku dzina la pamwamba.

"Ndalola, amwene. Koma usafulumire."

Ankaganiza kuti mawu omalizawo amugulira nthawi.

* * *

Sabata yonse anayesa kulankhula. Anawatsatira mayi ake kuchigayo n'kubwerako osatsegula pakamwa. Anaimbira Atumani, koma atangomva "Chete, bwanji? Fulumira, abwana akundiyang'ana," anangoti amafuna kupereka moni.

Lachinayi la sabata yachiwiri, atatha swala ya masana, anapinda mkeka wake n'kupita pa bwemba. Analembanso kalata ija, yaifupi kuposa yoyamba. Anayang'anitsitsa kamzere ka pamwamba: Farida. Anatsinzina n'kudina potumizira. Inali kalata yoyamba kupita kwa Sulemani m'dzina lake.

Tsiku limenelo yankho silinabwere. Lachiwiri lotsatira anaima pa bwemba mpaka miyendo inachita dzanzi, koma m'foni munangolowa uthenga wotsatsa malonda. Basi wakwiya, anaganiza. Ndamutaya ndisanamupeze n'komwe.

Lachisanu Zena anatulukira pampanda, akupuma mofulumira.

"Wafika! Akuti koleji anatsekera msanga, Lachitatu la sabata yatha. Masiku onsewa ali ku Lungwena, ine osadziwa. Undibwereke ndolo zako zija."

Lachitatu. Farida anawerenga masiku pa zala zake mobisa. Kalata yake inapita Lachinayi. Inali ikadali mukompyuta ya mulaibulale yokhoma, yosatsegulidwa, ndipo ku Lungwena Sulemani analibe foni.

* * *

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwere kwenikweni, Farida akusesa anamva belu la njinga limene akanalizindikira ngakhale pakati pa njinga zana. Anasuzumira pabowo la mpanda. Sulemani anali atatsika, akuthandiza bambo wachikulire wovala mkanjo woyera ndi chisoti kutsika pakaliyala. Bamboyo analowa yekha. Sulemani anatsala panja, atagwira njinga ngati ingathawe.

Farida anataya tsache n'kuthawira m'nyumba, kuseri kwa katani.

"Asalamu aleikumu, eni nyumba!"

"Waleikumu salamu," anayankha Abiti Swadiki. "Lowani, Che Mustafa. Zena, yala mkeka."

Zena, amene anagona komweko kuti abwereke ndolo, anayala mkeka akumwetulira, n'kukhala chapafupi atakonza mpango wake. Akuluakulu awiriwo anafunsana za ku Lungwena, za mwera umene unalepheretsa asodzi sabata yonse, za miyendo ya Che Mustafa. Kenako mkuluyo anatsokomola.

"Abiti Swadiki, ine sindinabwere kudzacheza. Tambala wa mlongo wanga waona msoti pakhomo pano. Dzina lake akuti Farida."

Kumwetulira kwa Zena kunazima ngati nyali yothera mafuta.

"Mwalankhula bwino, Che Mustafa," anatero mayi aja mosathamanga. "Koma msoti uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali kutali. Ine ndimangosunga."

"Mwambo tikuudziwa, mayi. Sitikanaponda pano tisanamve kwa mwini mbumba." Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa pepala lopinda kanayi. "Mnyamatayu anasindikiza kusukulu kwawo. Mawu a Atumani ndi awa, dzina lake lili pamwambapo."

Abiti Swadiki analandira pepalalo, analitembenuza, n'kulipereka kwa Zena. Zena anawerenga mokweza, liwu lililonse ngati akulavula njere: "Kuchokera kwa Atumani. Ndalola, amwene. Koma usafulumire."

Kuseri kwa katani, Farida anagwira khoma.

"Mwana wanga apereke mlongo wake ine osandiuza?" Mayi aja anatembenukira kukhomo la nyumba. "Dzulo lomweli wanditumizira uthenga wa mankhwala a miyendo, za izi osatchulako? Farida! Bwera nayo foniyo. Muimbire, tonse timve."

* * *

Farida anatuluka atawerama. Anadina nambala ya Atumani, foni inaitana, ndipo mayi ake anamuuza kuti akweze mawu. Anagwada pakati pa bwalo, foni ili m'manja mwake ngati mbale ya mlendo.

"Chete, bwanji m'mawa uno?" Kumbuyo kwa Atumani kunkamveka phokoso la magalimoto.

"Ndine mayi ako. Kuno kwabwera amalume ake a Sulemani ndi kalata yako."

"Kalata yanji, amayi?"

"Ya pa imelo. Yoti walola kuti atenge Farida."

"Imelo?" Atumani anaseka, kenako kuseka kunaduka. "Amayi, imelo ija pasiwedi yake ndinaiwala ndisanafike n'komwe kuno. Sulemani sindinalankhule naye chichokereni kumudzi. Ndalola chiyani? Ndipo za Farida ndili naye kale munthu kuno, Bilali, amene anandipezera ntchito. Ndimati ndikuuzeni bwinobwino ikatha miyezi iwiriyi."

Che Mustafa anavula chisoti, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Sulemani!" anaitana. "Talowa kuno."

Sulemani analowa akumwetulira mwamanyazi, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Ataona nkhope za anthu, kumwetulirako kunatha.

"Wandikweza njinga kuchokera ku Lungwena, ndi imvi zangazi, kuti ndidzanyamule pepala labodza?"

"Labodza? Amalume, Walahi, ndi Atumani analemba! Miyezi isanu takhala tikulemberana. Amwene, ndiwe uli pafonipo? Auze!"

"Usanditchule amwene!" Mawu a Atumani anang'aluka mufoni. "Ndiwe mnzanga iwe? Ukupeka makalata m'dzina langa kuti ube mlongo wanga? Uphunzitsi wake ndi umenewo?"

"Ndinanena ine," anatero Abiti Swadiki. "Ndinanena."

"Aphunzitsi a mabodza," Zena anaponyamo, maso ali ofiira.

Sulemani anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene bwato lamusiya pachilumba. "Koma unandiuza za shopu. Za anyamata asanu m'chipinda. Unandifunsa za chifuwa changa..." Che Mustafa anali atayamba kale kudzuka, akufufuza nsapato zawo ndi phazi.

"Mutikhululukire, mayi. Banja lathu silinachitepo zoterezi. Mnyamatayu sadzapondanso pano, ndikulonjeza ndine."

"Si iyeyo."

Palibe anamva. Mawu a Faridawo anangotuluka ngati mpweya. Che Mustafa anapeza nsapato imodzi. Sulemani anali atatembenuka kale kuloza kuchipata, ndipo Farida anaona kansalu kobiriwira katasuzumira m'thumba la malaya oyera aja.

Anaimirira. Ulendo uno anakweza mawu.

"Ndati si iyeyo!"

Bwalo lonse linatembenuka. Ngakhale nkhuku inasiya kupalasa.

"Walankhula ndani?" anafunsa Atumani mufoni. "Ndi Chete ameneyo?"

"Ndine, achimwene." Anakweza mutu. "Sulemani sananame. Imelo yanu munaisiya yotsegula mufoni muno. Pali kamuvi posankhira dzina, ndipo ine ndinkasankha lanu. Makalata onse, kuyambira Epulo, ndinalemba ndine."

"Iwe mwana iwe," ananong'ona mayi ake, dzanja lili pakamwa.

Sulemani anali ataima pachipata. Nkhope yake sinkawerengeka: kaya ndi mkwiyo, kaya ndi manyazi a munthu amene wakumbukira zonse zimene analemba. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu, Farida anamuyang'ana m'maso osathawa.

"Mukhoza kudana nane, ndikuyenera," anatero, ndipo mawu ake anamveka mpaka kuseri kwa mpanda. "Dzina linali la achimwene. Koma 'ndalola' uja sanali wawo. Anali wanga."